Mlendo wa m'Dengu la Nthochi

Ndinamupeza pamsika wa Nsanje, dzuwa lili paliwombo,
nditavundukula masamba a dengu langa:
kachule kosaposa chala chachikulu,
msana wake ngati mwala wonyowa,
miyendo yamizeremizere itapindidwa ngati ambulera ya abusa,
pakhosi pakugunda, pakugunda.

Iwe, wakwera liti?
Mbandakucha ndinaima pakhwawa la kumunsi kwa Chididi
kuviika masamba kuti nthochi zisafote m'njira.
Ndiye kuti ndakusenza pankhata mtunda wonsewu,
khosi langa likulira,
iwe uli phee pakati pa maphava, wosalipira ndi kobiri lomwe.

Dominga wa makakana anasuzumira n'kuseka.
"Kam'taye kungalande uko, kuli anzake."
Anzake ati?
Akuno ndi a m'dambo, mimba ngati mitsuko,
akatsegula msonkhano wawo mvula yoyamba
sumva ngakhale injini ya boti padoko.
Uyu kwawo salira choncho.
Amangoti tii, kenako zii, kenako tii,
ngati supuni yogunda kapu m'nyumba ya eni,
pansi pa mathithi, pomwe mibawa imatseka thambo
ndipo ndere sizidziwa kuti kunja kuli Okutobala.

Kuno mphepo imachokera m'ng'anjo.
Khungu lake linayamba kuchita mbuu ndikuona.
Ndinabwereka mpeni wonunkha nsomba,
n'kudula botolo lotayidwa.
Madzi a pamjigo ndinawalawa: mchere.
Ndinam'thirira a m'chigubu changa,
omwe ndinatunga kwathu, osungira ludzu la pobwerera.

Nthochi zinapita pamtengo wa wozitola.
Dominga anati ndalodzedwa.

Kuuma kumeneku ndimakudziwa ine.
Ndinakhalapo zaka zinayi kwa Tengani, pabanja,
pansi pa mlambe wopanda tsamba,
usiku tikugona panja, mkeka ukutentha ngati chiwaya.
Apongozi anali abwino, mapira anali okoma,
koma chinachake m'kati mwanga chinkachita mbuu.
Ndinakwera phiri ndekha, mwana kumsana.
Panalibe wondinyamula m'botolo.

Njira yokwera ndi yaitali ukakhala wopanda madzi.
Pamwamba pa chitunda chachiwiri ndinapeza utsi,
uvuni wa makala wa mlongo wanga Zuze,
zitsa zatsopano zikutuluka misozi yofiira.
"Wanyamulanji, mlongo?"
"Ndiwo," ndinatero, n'kubisa botolo m'chitenje.
Ndikanam'nena chiyani?
Yunifolomu ya mwana wanga inatuluka m'thumba lake la makala.
Anandipatsa madzi m'chipewa cha jerikani, ndinamwa,
maso anga ali pa nkhwangwa yake.

Ndinafika pakhwawa nkhungu ikutsika.
Madzi achepa chaka chino.
Pamwala pomwe ndinkachapa ndili mtsikana
pali mzere woyera wosonyeza pomwe ankafika,
ndipo kumtunda kwa mathithi thambo layamba kuoneka
ngati denga lomwe mphepo yachotsapo udzu.

Ndinapendeketsa botolo pa ndere.
Sanatuluke msanga.
Anatulutsa mutu, mwendo umodzi,
n'kukhala pamenepo ngati akuwerenga miyala
kuti aone ngati yonse ilipo.
Kenako chubwi.
Osacheuka, osatsazika.
Mbululu zinabalalika, n'kubwereranso pamalo pake.

Ndinakhala pansi, mapazi m'madzi, dengu lili pambali,
ndalama zosakwana sopo ndi mchere zili pamfundo ya chitenje.
Kumunsi, chigwa chonse chinali chikufuka kutentha kwa tsikulo,
Shire atagona m'menemo ngati lamba wotayidwa.

Tii.
Sindikudziwa ngati anali iye.
Ndinadikira wachiwiri mpaka udzudzu unandithamangitsa,
ndipo kuseri kwa phiri nkhwangwa ya Zuze
inali isanaweruke.